Vuto lili pa thanga, osati pa chidwi

A mtolankhani, mwalemba kuti akazi achepa pa mipikisano ya timabwato ta thanga chifukwa alibe chidwi. Apo pokha ndikukana. Atsikana amakhala ambiri mu Optimist, kabwato kakang'ono ka ana, koma akapitirira zaka 15 ayenera kusintha bwato, ndipo ambiri amasiyira pomwepo. Makalabu ena amangowakweza pa ILCA 7, bwato la munthu mmodzi la thanga la masikweya mita 7.06, loyenera munthu wa makilogalamu pafupifupi 80. Mphepo ikakula, wa makilogalamu 55 ngakhale atapendekera kunja bwanji, bwato limagona ndi kupidiguka. Akamwa madzi katatu, sabweranso.

Chonsecho bwatolo ndi lomwelo. Mungosintha thanga ndi chigawo cha m'munsi cha mlongoti, likhale ILCA 6 ya 5.76 kapena ILCA 4 ya 4.7. Atsikanawo aphunzitsidwe kudzutsa bwato poponda daggerboard, thabwa lotulukira kunsi kwa bwato, madzi ali bata, asanalowe mpikisano.

Ndipo inu akuluakulu a makalabu, zovala za m'madzi zosokedwera amuna zimakhwepa m'thupi la mkazi, madzi ozizira n'kumalowa. Chimbudzi ndi posinthira zovala pa doko zikhaleponso. Kuyambira 2024 bwato la anthu awiri lotchedwa 470 ku Olimpiki limakwera mwamuna ndi mkazi. Yambani kuwaphatikiza choncho akadali achichepere.