Utsi umene timapuma umafikanso ku ubongo

Tikamakamba za kuipa kwa utsi, kaya wa fodya kaya wa nkhuni, ambirife timangoganiza za chifuwa ndi khansa ya m'mapapo, ngati kuti utsiwo ukalowa m'thupi umathera m'mapapo momwemo. Ine ndikuona kuti tiyenera kuyamba kuutchulanso tikamakamba za dementia, matenda amene amachititsa munthu kuiwala mayina a ana ake, kusokera pamudzi pamene wakhalapo moyo wake wonse, ndiponso kulankhula zosamveka mutu wake.

Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Pulofesa Gill Livingston wa ku University College London, limene limatulutsa malipoti ake m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, linaika kusuta fodya pamndandanda wa zinthu zokulitsa chiopsezo cha matendawa mu 2017, ndipo mu 2020 linawonjezerapo mpweya woipitsidwa. Lipoti lawo la 2024 linatchula zinthu 14, n'kunena kuti zonsezo zitathetsedwa, pafupifupi 45 peresenti ya odwala akanapewa matendawa kapena akanawadwala mochedwa. Tiziduswa ta mu utsi, timene asayansi amatitcha PM2.5, n'tating'ono kwambiri moti timadutsa m'mapapo n'kulowa m'magazi, ndipo m'kupita kwa zaka timawononga mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, monga momwe fodya amachitiranso. Ku Ontario m'dziko la Canada, kafukufuku wa 2017 anapeza kuti anthu okhala mkati mwa mamita 50 kuchokera pamsewu waukulu anali ndi chiopsezo cha dementia chokwererako ndi 7 peresenti poyerekeza ndi okhala kutali ndi msewuwo.

Kwa ife kuno ku Malawi, utsi wa maminibasi ndi wa zinyalala zimene timaotcha madzulo pamodzi ndi mapulasitiki ulipo ndithu, koma utsi wochuluka uli m'khitchini. Mabanja ambiri amaphikira nkhuni ndi makala, ndipo amene amakhala pamafuwa m'mawa, masana ndi madzulo, m'kanyumba kopanda zenera kamene denga lake linada bii ndi mwaye, ndi amayi, nthawi zambiri ali ndi mwana kumsana. Amayiwa sanasutepo ndudu kapena chingambwe, koma apuma utsi kuyambira ali atsikana. Chimene chimandiwawa n'chakuti mayi yemweyo akakalamba n'kuyamba kusokonezeka, akapezeka usiku pakhomo pa eni asakudziwa kumene ali, anthu amathamangira kunena kuti agogowa ndi mfiti ndipo agwa pa ndege ya ufiti. Ena amenyedwa, ena aphedwa kumene, chikhalirecho lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Sindikunena kuti utsi wokha ndiwo umayambitsa dementia, pakuti ukalamba, chibadwa, kuthamanga kwa magazi ndi shuga zili ndi mbali yake, koma utsi ndi umodzi mwa mbali zimene tingathe kuzichepetsa.

Nkhani ya fodya ndi yovuta kuikamba m'dziko limene limadalira mbewuyi kuti lipeze ndalama zakunja, komabe Malawi anavomereza pangano la bungwe la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, choncho tili ndi chifukwa chofunsira boma kuti liletse kusuta m'malo odyera, m'mabala ndi m'madepoti. Wosuta amene wasiya amachepetsa chiopsezo chake ngakhale atasiya ali wamkulu kale, ndipo azaumoyo ayenera kumawauza anthu zimenezi momveka.

Mbaula zosawononga nkhuni monga chitetezo mbaula takhala tikuzilimbikitsa ngati njira yopulumutsira mitengo basi. Ndikanakonda alangizi a zaumoyo m'midzi, akamayendera mabanja, azifunsanso kumene banjalo limaphikira, ngati khitchini ili ndi potulukira utsi, komanso ngati alipo amene amasutira m'nyumba mogona ana ndi okalamba.