Pepa sande ndi maikolofoni

Lamulungu lapitali kutchalitchi kwathu kunali pepa sande yomangira nyumba ya abusa. Ndinapita mtima uli mbee, koma ndinabwerako nditakwiya.

Bambo wina wa suti yonyezimira anaimirira n'kuyamba kuwerenga ndalama zake pamaso pa mpingo wonse, kunyambita chala, pepala lililonse kulikweza m'mwamba ngati mbendera. Wolengeza pa maikolofoni naye kukoka mawu: "Faifi handiredi sauzandeee!" Nthungululu, m'manja, kwaya kuyambitsa nyimbo. Mwana wawo ali pambali kujambula pa foni, pofika madzulo zonse zili pa Facebook. Chonsecho bambo yemweyu mlonda wake sanamulipire miyezi iwiri, tonse a m'dera lathu tikudziwa.

Kenako panabwera agogo ena ogulitsa mandasi. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa K500 yopindikapindika. Wolengeza uja sanatchule n'komwe dzina lawo, maso anali kwina. Apa ndiye zinandinyansa. Kodi pa Marko 12 Yesu sanayamikire mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri? Nanga pa Mateyu 6 sanatiuze kuti tisalize lipenga popereka, dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita? Ife lipenga latichepera, tagula masipika.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti nanenso ndinakodwa. Kunyumba ndinakonza K5,000, koma nditamva akutchula mayina ndi ndalama zomwe, manyazi anandigwira, ndinawonjezera ya ufa. Imeneyo Mulungu akudziwa kuti sinali yake, inali ya maso a anthu. Lolemba m'mawa ndinali pa okala, kukongola ufa.