Mukusewera ngati mbava, chikhalirecho akuberedwa ndinu

Lachitatu lapitali ndinakwera minibasi pa Limbe kulowera m'tauni. Kumpando wakumbuyo kunakhala anyamata awiri, ndevu zongoyamba kumera, aliyense maso ali pa foni. Tikudutsa pa Chichiri, ndende yeniyeni ili chapompo, wina anauza mnzake mokweza kuti, "Aise, usiku ndaba galimoto zitatu, koma pa banki anandigwira. Ndakhala m'ndende ola lathunthu." Mayi amene anali pambali panga anakokera chikwama chawo pachifuwa. Kondakitala anacheuka n'kuyamba kuwerenganso ndalama zake. Ine ndinangogwedeza mutu, poti chinenerocho ndikuchidziwa. Chakhala chikulankhulidwa m'nyumba mwanga momwe kwa miyezi ingapo.

Anyamata inu, poyamba penipeni, pakamwa panupo muzisamala. Kuno ndi ku Blantyre. Munthu mmodzi akangokuwa kuti "wakuba!" pa msika wa Ndirande kapena pa Wenela, palibe amene adzakupatseni mpata wofotokoza kuti galimotozo zinali za pa foni. Tonse tikudziwa zimene gulu la anthu okwiya limachita, ndipo ena tinazionapo ndi maso athu, zosafunika kuzibwereza pano.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ndalama.

Kwa makolo anzanga amene simunazione, zinthuzi zili chonchi. Ndi masewera a pa intaneti, osafuna kompyuta yodula. Mwana amangotsegula tsamba pa foni, n'kulembetsa dzina lopeka, basi wasanduka kambava kakang'ono m'mzinda wongoyerekeza. Zithunzi zake n'zochepa, zambiri ndi mawu ndi manambala, choncho ngakhale kafoni kotchipa ka pa Limbe kamakwanitsa. Amayamba ndi kupisa m'matumba, kenako kuba galimoto, kugulitsa mankhwala ozunguza bongo, kuthyola banki, mpaka kutumidwa kukapha. Akalephera amatsekeredwa "m'ndende" kwa mphindi zingapo, anzake akamumenya amagonekedwa "m'chipatala". Osewerawo ndi anthu enieni a m'maiko osiyanasiyana, ndipo amalowa m'magulu okhala ndi bwana wake, achiwiri ake ndi anyamata otumidwa. Mpikisano umatenga masabata kapena miyezi, ndipo tsambalo limalonjeza kuti amene adzakhale pamwamba nthawiyo ikatha adzalandira ndalama zenizeni, kawirikawiri madola. Ukatha mpikisanowo zonse amafufuta, aliyense n'kuyambiranso wopanda kanthu.

Zoyerekeza kukhala mbavazo pazokha sizindiopsa kwambiri. Nafenso tili ana tinkathamangitsana m'makwalala, ena apolisi ena akuba, mfuti zathu za mapesi, ndipo ambiri a ife tinakula n'kukhala akuluampingo. Alipo masewera a mtundu umenewu opanda mphotho ya ndalama, ongotayitsa nthawi. Chimene chasintha zinthu ndi kamphotho kaja. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi wotchi. Mu seweroli chilichonse chimene uchite chimadya "mphamvu", ndipo mphamvuzo zikatha umadikira kuti zidzadzenso pang'onopang'ono. Zikadzadza iwe uli mtulo, ndiye kuti waluza, chifukwa mnzako wa kudziko lina kumene kuli masana akupitirira. Mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka 22 amene ine ndi mkazi wanga tinamulera bambo ake atatisiya, anatchera alamu ya 2 koloko usiku. M'nyengo ya chiperoni, kuzizira kochita kulowa m'mafupa, ndinkamva kafoni kakulira kuchipinda kwake, kenako kuwala kobiriwira kukutulukira pansi pa chitseko. Tsiku lina ndinagogoda.

"Kodi iwe, wadwala?"

"Ayi agogo, mphamvu zadzadza. Ndingomaliza kaye ntchito imodzi."

Ntchito! Kutacha anapita ku ntchito yeniyeni, kabenchi kake kogulitsa machaja ndi zotchingira magalasi a foni, maso ali psuu, n'kukagona chokhala makasitomala akudutsa. Magetsi akazima madzulo ankathamanga kukatchajitsa foni kwa a jenereta, pamene sanathamangirepo chotero kukatunga madzi mipopi ikauma.

Nyerere yachiwiri ndi imene yaluma banja langa. Kulowa m'seweroli n'kwaulere, ndipo apa ndi pamene ana athu amakodwa. Ukasewera sabata imodzi umazindikira kuti amene ali pamwamba onse ndi ogula. Amagula mapointi odzadzitsa mphamvu nthawi yomweyo, otulutsa m'ndende msanga, ogulira mfuti ndi alonda. Wosagula amakhala nyama ya ogula, kumuphera dzina lake limene wakhala akulilera kwa mwezi. Ndiye mwana amati ndingoikako pang'ono kuti ndibwezere. Mawa pang'ono kena. Bwana wa gulu nayenso akukulembera kuti gulu lathu likugonja chifukwa cha iwe, ponyapo kanthu. Bwanayo sunamuonepo nkhope, mwina ndi mwana wa sukulu wa kutsidya kwa nyanja, koma ukumuopa kuposa mmene umaopera malume ako.

Tiyeni tiwerenge limodzi, poti ine ndinagwirapo ntchito ya mabuku a ndalama zaka zambiri ndisanapume. Tingoyerekeza kuti osewera alipo 1,000 ndipo aliyense waponyamo K5,000, kapepala kamodzi kokha. Zonse pamodzi ndi K5 miliyoni. Mwini tsamba akalonjeza K500,000 kwa wopambana, iye watsala ndi K4.5 miliyoni asanatuluke thukuta, ndipo anthu 999 abwerera chimanjamanja akuuzana kuti ulendo winawu ndi wathu. Mphothoyo siichokera kumwamba. Ndi ndalama zanu zomwe, atapatulako kachidutswa kuti akunyengerereni. Tsono amene amapambanayo nthawi zambiri ndi uja anagula kwambiri, moti akachotsera zimene anawononga, phindu lake n'losaoneka. Apo n'kuti mwini tsambayo ndi woona mtima. Nanga akakhala kuti pamwambapo anaikapo dzina lake lomwe, kapena la mlamu wake, mudzadziwa bwanji? Mabuku onse ali m'manja mwake. Woweruza ndi iye, wosunga chuma ndi iye, wowerenga zigoli ndi iye yemweyo.

Ndipo mitengo yake ndi ya madola. Mu November 2023 kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Wa ku Ulaya akagula mapointi amakhala ngati wagula kapu ya tiyi. Iwe wa ku Bangwe ndalama yomweyo ndi ufa wa masiku angapo. Mukupikisana mjaho umodzi, iye pa galimoto, iwe wapansi. Popeza ambiri mulibe khadi la ku banki lolipirira kunja, pabadwanso ena a pakati, amene mumawatumizira pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akugulireni, iwo n'kuikapo yawo pamwamba. Mbava zongoyerekeza zikudyetsa anthu ambiri ndithu.

Za m'nyumba mwanga ndinena, ngakhale zili zochititsa manyazi, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Mdzukulu wangayo anayamba ndi phindu la pa benchi. Litatha analowa mu mpamba. Katundu atayamba kuchepa anatiuza kuti malonda avuta, ife n'kukhulupirira, poti malonda avutadi kwa aliyense. Agogo ake aakazi, mtima wa chifundo, anakamutengera ngongole ku banki m'khonde kuti akapikule katundu wina. Katunduyo sitinamuone. Mpikisano utatha, mnyamata anabwera akumwetulira, akuti wathera pa malo olandira mphotho. Anandionetsa uthenga wa Chingerezi womuyamikira. Pansi pake panalembedwa kuti asanalandire atumize kaye ndalama "yotsegulira njira", komanso chithunzi cha chiphaso chake cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi china atachigwira pafupi ndi nkhope.

Ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, unaonapo kuti munthu wopambana n'kumalipira kuti alandire chimene wapambana? Bwanji osangodula pa mphothoyo?"

Anati, "Agogo, zimenezi simungazimvetse, ndi za masiku ano."

Apo n'kuti atatumiza kale, ndalama ndi zithunzi zomwe. Ndalamayo anakatenga kwa a katapila. Patapita masiku anamuuza kuti awonjezere ina ya "msonkho". Atadandaula, anamulembera kuti waphwanya malamulo a sewero, dzina lake latsekedwa. Pamenepo m'pamene nkhani yonse inatulukira poyera, tili pa mphasa, nsima ikuzizira. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Za chiphasozo zikundisowetsa tulo kuposa ndalama. Kuyambira 2018 nambala ya foni iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa, ndipo chiphaso cha unzika ndicho chimaimira munthu ku banki, kwa ajenti, paliponse. Wapereka nkhope yako, dzina lako ndi nambala ya chiphaso chako kwa munthu amene wangotha kukubera. Mawa akakaberanso wina pogwiritsa ntchito dzina lakolo, apolisi adzagogoda pa khomo la yani? Mauthenga onama aja akuti "mwapambana" kapena "ndatumiza ndalama molakwitsa, mundibwezere" takhala tikuchenjezana za iwo zaka zonsezi. Awa ndi omwewo, angosintha malaya.

Ena mudzati, nanga agogo, kubetcha mpira kuli ponseponse bwanji, mashopu ake ali mbwee kuyambira Chirimba mpaka Zingwangwa. Zoona, ndipo nazonso sindizikonda, zathetsa mabanja. Komabe pali kusiyana. Makampani a njuga ovomerezeka amakhala ndi chiphaso chochokera ku Malawi Gaming and Lotteries Authority, ali ndi ofesi yoti ungapiteko, ndipo lamulo limawaletsa kulandira mwana wosakwana zaka 18. Tsamba la mbava zanuli ofesi yake ili kuti? Mwini wake dzina lake ndani? Limangofunsa kuti "kodi wakwana zaka 18?", mwana wa Folomu 2 n'kudina kuti eya, nkhani yatha. Lamulo la za pa intaneti tili nalo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo woberedwa akhoza kukadandaula ku polisi ngakhalenso ku MACRA. Pitani ndithu, musachite manyazi, makamaka ngati ndalama munatumiza pa nambala ya m'dziko momwe muno, poti imeneyo ili ndi mwini wake wolembetsedwa. Koma zikakhala kuti zinawoloka nyanja, dzanja la wapolisi wa pa Ndirande silifika kumeneko. Ena akumalonjezedwa mphotho ya ndalama za pa intaneti zija za crypto, chonsecho Reserve Bank of Malawi inanena kale kuti zimenezo si ndalama zovomerezeka m'dziko muno.

Ngakhale masewera a makampani akuluakulu odziwika amatha. Achikulire pang'ono mukukumbukira Mafia Wars, imene inkaseweredwa pa Facebook masiku omwe tinkalipira pa mphindi m'ma internet cafe a m'tauni. Eni ake anali a Zynga, kampani ya ku America, ndipo anthu miyandamiyanda ankasewera. Mu 2016 anaitseka. Nyumba, mfuti ndi magalimoto zimene anthu anagula ndi ndalama zenizeni zinazimirira tsiku limodzi. Ngati yaikulu yotero inatseka chitseko, kuli bwanji katsamba kosadziwika mwini wake?

Palinso khalidwe lina limene landinyansa. Tsambali limapatsa munthu mapointi aulere akakokera anzake. Ndiye mumaona mnyamata akumwaza kalinki m'magulu a WhatsApp, la mpingo, la achibale, ngakhale la maliro, ati "lowani apa mupange madola muli pakhomo". Iwe mwana iwe, ukudziwa bwino kuti sunalandirepo ngakhale tambala, koma ukukokera msuweni wako m'dzenje momwemo chifukwa cha timapointi. Mdzukulu wanga anakokera anayi. Mmodzi ndi mwana wa a neba, wa Folomu 3, amene anadya ndalama ya mayeso. Mayi ake akandiona pa mpopi amangondipatsa moni wa pakamwa, maso kumbali.

Makolo anzanga, nafenso tisadziyeretse. Tinkanyadira kuti mwana wathu sayendayenda, samwa, amangokhala m'nyumba ndi foni yake. Bandulo tinkamugulira tokha. Ine ndemwe ndinamva alamu ija miyezi itatu ndisanafunse bwinobwino, poopa kuoneka wotsalira. Mwana akayamba kutchula "bwana" amene simukumudziwa, akamadzuka pakati pa usiku, akamabwereka foni yanu kuti "ndingoona kanthu" kenako n'kufunsa nambala yanu yachinsinsi, khalani naye pansi tsiku lomwelo. Muuzeni akuonetseni tsambalo, ndipo mumufunse funso limodzi: ndi ndani amene iwe ukumudziwa, wa kuno, woti tingapite kwawo lero, amene analandira ndalamazo m'manja? Mudzaona mmene ayankhire. Wanga anatchula dzina lopeka la munthu wa kunja, n'kuyang'ana pansi.

Panopa foni ija ili kwa a katapila ngati chikole. Benchi ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikugonapo. Mnyamatayo wapeza ganyu yonyamula matumba pa Limbe, ndipo tagwirizana kuti Loweruka lililonse azipereka theka kwa agogo ake mpaka ngongole ithe. Komabe Lachisanu likubwerali amayi a banki m'khonde akumana, ndipo amene akaime pamaso pawo kupempha kuti amuonjezere masiku ndi mkazi wanga, wa zaka 68, amene sanagwirepo foni ya intaneti chibadwire. Usiku wathawu ndinamva mdzukulu wanga akutembenuka pa mphasa, kenako anadzuka n'kukhala tsonga mu mdima. Nditayang'ana wotchi, inali 2 koloko.