Bomba la nyukiliya mumlengalenga silisankha setilaiti ya mdani

Anthu ambiri akamva za bomba la nyukiliya lophulitsidwa kutali m'mwamba amaganiza za moto ndi nyumba zogwa. Kumeneko kulibe mpweya wonyamula chimphepo chogwetsa nyumba. Choopsa chenicheni ndi zimene zimatsalira bombalo litaphulika.

Pa 9 July 1962, dziko la America linaphulitsa bomba la Starfish Prime, la mphamvu ya 1.4 megaton (yofanana ndi matani 1.4 miliyoni a zophulitsa za TNT), makilomita 400 pamwamba pa chilumba cha Johnston m'nyanja ya Pacific. Ku Hawaii, mtunda woposa makilomita 1,400, magetsi a mumsewu pafupifupi 300 anazima usiku womwewo. Zimenezo zinakonzedwa msanga. Zakumwambako zinatenga zaka.

Zinyenyeswa za uranium ndi plutonium zimalavula ma elekitironi (tinthu ting'onoting'ono tosaoneka tonyamula mphamvu ya magetsi) othamanga koopsa. Mphamvu ya maginito ya dziko imawakola: amapota mozungulira mizere ya maginito, amapita kumpoto n'kubwerera kumwera pasanathe sekondi imodzi, kwinaku akusunthira kummawa mpaka atazinga dziko lonse. Ndi mmenenso malamba achilengedwe a Van Allen, zigawo za tinthu totere zozinga dziko zomwe zinatulukiridwa mu 1958, amasungira tinthu take. Starfish inawonjezerapo lamba watsopano waukali kwambiri, ndipo ena mwa ma elekitironi ake ankapezekabe patatha zaka zisanu.

Setilaiti imadutsa m'lamba wotere kangapo patsiku. Ma elekitironiwo akamaiwomba, ma solar panel amafooka pang'onopang'ono mpaka magetsi osakwanira, ma transistor (tizipangizo ta magetsi ta m'kati mwake) nawo amaleka kumvera malamulo ochokera pansi. Transit 4B ndi TRAAC, setilaiti za America yemweyo, zinafa pasanathe miyezi iwiri. Ariel 1 ya Britain, bwenzi lake, inalemala. Setilaiti ya Telstar 1 inakwera pa 10 July, bomba litaphulika dzulo lake, ndipo pofika February 1963 inali itatheratu.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mapangano a 1963 ndi 1967, oletsa kuyesa komanso kuika zida zimenezi mumlengalenga, si nkhani ya mayiko akuluakulu okha. Zinandiwawa mu April 2024 Russia itakana ku UN Security Council, nthambi yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations, chigamulo cha America ndi Japan chotsindikanso lamuloli. Mu 1962 ma setilaiti anali owerengeka. Lero alipo zikwizikwi, ambiri akuyenda pansi pa makilomita 600 opanda zotchingira zolimba, kuphatikizapo a Starlink amene akupereka intaneti kuno ku Malawi kuyambira 2023.