Anyani pa kafukufuku wa likodzo: inde, koma osati mwachisawawa

Maganizo anga ndi akuti pofufuza katemera wa likodzo nyani ndi wofunikabe, koma azibwera pomaliza, njira zina zonse zitayesedwa kale.

Mbewa, zimene ofufuza amakonda kuyeserapo, zimanamiza. Mitsempha yake ndi yaing'ono, moti nyongolotsi za likodzo zochepa chabe zimaidwalitsa koopsa n'kufa matenda asanakhalitse monga amachitira mwa munthu. Komanso Schistosoma haematobium, mtundu wokodzetsa magazi womwe wafala m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, sukhazikika bwino m'chikhodzodzo cha mbewa. Nyani amatenga Schistosoma mansoni, mtundu wa m'matumbo, ngakhale kutchire, mazira amatuluka m'chimbudzi chake, ndipo akagwidwa mobwerezabwereza chiwindi chimachita zipsera ngati cha munthu.

Ku Institute of Primate Research ku Karen, Nairobi, ntchito yoyesa katemera pa anyani aichita kwa zaka zambiri. Nyani amamugoneka ndi mankhwala, amameta m'mphechepeche, n'kuthira pakhungu madzi okhala ndi cercariae (tiana ta nyongolotsi tolowa pakhungu) zowerengedwa, zongotuluka kumene m'nkhono, kwa mphindi ngati 30. Mazira amayamba kuoneka pakatha milungu 5 kapena 6. Pamapeto nyaniyo amaphedwa kuti atsuke mitsempha ya chiwindi ndi matumbo n'kuwerenga nyongolotsi imodzi ndi imodzi. Apa ndiye powawa, tisabise.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi moyo wa nyani kutayika pachabe. Wogwidwa kutchire angakhale atadwalapo kale likodzo, thupi lake likuidziwa nyongolotsiyo. Osamupima bwino, katemera aoneka wamphamvu pamene sali. Cercariae zikakhala maola ambiri zimafooka, zochepa ndi zimene zimalowa. Kudalira Kato-Katz (njira yowerenga mazira m'chimbudzi) yekha nakonso n'kolakwika: mazira akachepa sawaona, n'chifukwa chake pamafunikanso kuyeza CAA, chizindikiro chimene nyongolotsi zamoyo zimatulutsa, m'magazi. Mtundu wa nyama nawo ndi nkhani. Rhesus macaque, pusi wa ku Asia, amapha yekha nyongolotsi pakapita miyezi yochepa, ndiye ungadziwe bwanji kuti wagwira ntchito ndi katemera?

Phindu lilipo. Cercariae zofooketsedwa ndi radiation zinachepetsa nyongolotsi mwa anyani mpaka ndi 86 peresenti atapatsidwa kasanu, umboni woti katemera n'ngotheka. Katemera woyeserera wa Sm-p80 anadutsa mwa anyani asanayesedwe mwa anthu.

Praziquantel, mankhwala a likodzo, amapha nyongolotsi zazikulu, koma mwana wa ku Mangochi akabwerera kunyanja amatenganso. Ku Leiden, ku Netherlands, ofufuza anayamba kupatsira anthu odzipereka cercariae zazimuna zokha 20, zosaikira mazira. Funso limene njirayi ingayankhe, nyani asiyidwe.