Chenjezo kwa anyamata aluso: phewa likawonongeka silibwerera

Inu anyamata amene muli ndi luso la masewero, ndi inu makolo ndi makochi amene mukuwalera, khalani pansi mumve za Brien Taylor. Zimandiwawa kuona mwana amene tsogolo lake lili m'dzanja lake akuseweretsa dzanja lomwelo ngati ali ndi lina losungira.

Taylor adakulira ku Beaufort, m'chigawo cha North Carolina ku America. Bambo ake anali mmisiri womanga, mayi ake ankagwira ntchito yokonza nkhanu. Mwanayu ankasewera baseball, masewero oponya mpira n'kuumenya ndi chibonga, pamalo a woponya mpira, ndipo ankaponya ndi dzanja lamanzere. Ali ku sekondale mpira wake unkathamanga makilomita oposa 150 pa ola. Mu 1991 timu ya New York Yankees idamusankha kukhala woyamba mwa achinyamata onse a chaka chimenecho, n'kumupatsa madola 1.55 miliyoni, ndalama imene panalibe wosewera wongoyamba kumene amene anali atalandirapo. Sadawachititse manyazi. Mu 1992 ku timu yaing'ono ya Yankees ya ku Fort Lauderdale adatulutsa omenya mpira 187 osaukhudza bwino n'komwe. Mu 1993 adakwera kupita ku timu ina ya Yankees ya ku Albany, napambana masewero 13. Ligi yaikulu inali itayandikira.

Pa 18 December 1993, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 22, adamva kuti m'bale wake wavulazidwa pa ndewu. Mtima udamuphulika, adanyamuka kukalondola nkhaniyo yekha. Kumeneko kudabuka ndewu ina, ndipo phewa lake lamanzere, lomwe lija la madola 1.55 miliyoni, lidaguluka ndi kung'ambika mkati.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena: "Nanga akadangokhala m'bale wake atamenyedwa?" Kukonda m'bale wako si mlandu. Koma m'baleyo anali atavulala kale, ndipo nkhonya za Brien sizikadatseka bala lake. Apolisi analipo, akuluakulu analipo. Banja lonse linali litatsamira pa phewa limeneli, iye n'kulitengera ku ndewu. Uku si kulimba mtima ayi, ndi kusaganiza. Pepani sapoletsa chilonda.

Mumvetse mmene phewa lidapangidwira. Mutu wa fupa la mkono sukhala m'dzenje lakuya ngati wa m'chiuno. Umangotsamira pa kambale kosaya, ndipo chimene chimaugwira ndi kamkombero ka chicherewechere kotchedwa labrum, pamodzi ndi minofu inayi imene madokotala amati rotator cuff. N'chifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse, ndipo n'chifukwa chakenso phewa silichedwa kuwonongeka. Woponya mpira amafuna phewa lomasuka kuti mkono upite kumbuyo kwambiri, koma lolimba kuti usaguluke. Dokotala akalisoka, akamangitsa pang'ono liwiro limapita, akalekerera pang'ono phewa limagwedera.

Amene adamuchita opaleshoni Taylor sanali dokotala wamba. Anali Frank Jobe, yemwe mu 1974 adayambitsa opaleshoni ya chigongono imene lero imadziwika ndi dzina la Tommy John, woponya amene adayamba kuchitidwa opaleshoniyo, ndipo yabwezeretsa oponya ambirimbiri m'bwalo. Achinyamata ena amamva zimenezi n'kumaganiza kuti chilichonse chimakonzeka ndi mpeni wa dokotala. Chigongono n'china, phewa n'lina. Oponya amene adang'ambika labrum, ambiri sabwerera pamene anali.

Taylor adakhala chaka chonse cha 1994 osasewera. Atabwerera mu 1995 adakayambiranso ku ligi yotsikitsitsa ya ana ongoyamba kumene. Liwiro linali litatsika, ndipo choipa kwambiri, mpira sunkapitanso kumene iye akuufuna. Mu baseball woponya akaphonya malo oyenera kanayi, womenya amangoyenda ulele kupita pa base yoyamba, malo oyamba mwa anayi amene ayenera kudutsa kuti agoletse. Taylor adayamba kupereka mwayi umenewu kwa anthu oposa mmodzi pa inning iliyonse, ndiye kuti pa chigawo chilichonse cha masewero. Yankees idamusiya mu 1998, ndipo mu 2000 adasiyiratu masewero osaponyapo mpira ngakhale umodzi mu ligi yaikulu.

Pano m'pamene ambiri samvetsa. Mnyamata akavulala phewa sataya chaka chimodzi chokha chimene wakhala pansi. Zaka zapakati pa 18 ndi 23 ndi zimene woponya amaphunzira ntchito yake: kuponya mpira wokhota, kusintha liwiro, kuwerenga maganizo a womenya. Zimenezi zimabwera ndi kuponya kambirimbiri, ndipo wovulala sangaponye. Akachira, thupi limakhala likuopa ululu, mkono umafuna njira ina yodutsa, kaponyedwe konse kamene adakula nako kamasokonekera, ndipo nthawi zina chigongono kapena msana zimayamba kulipira ngongole ya phewa. Anzake nawo sadikira. Derek Jeter, Andy Pettitte ndi Mariano Rivera anali m'matimu aang'ono a Yankees nthawi yomweyo. Onse atatu adalowa mu ligi yaikulu mu 1995, ndipo mu 1996 adatenga World Series, chikho chachikulu cha ligiyo. Chaka chimenecho Taylor anali ku timu yaing'ono ya ku Greensboro, akulimbana ndi mkono umene sunkamumveranso.

Tsopano ndatembenukira kwa inu akuluakulu, chifukwa mapewa ambiri a ana saphedwa ndi ndewu, amaphedwa ndi ife. Mwana amene akukula amakhala ndi malo ofewa kumutu kwa fupa la mkono, pamene fupalo limakulira. Akamaponya mopitirira muyeso malowo amatupa n'kuyamba kutseguka, ndipo vutoli ku America lidachita kupatsidwa dzina loti Little League shoulder chifukwa cha kuchuluka kwake. Mu 2007 Little League, bungwe la baseball ya ana, lidaika malire: mwana wa zaka 11 kapena 12 asapitirire mipira 85 pa tsiku, ndipo pambuyo pake lidawonjezera kuti akaponya 66 kapena kuposerapo apume masiku anayi. Malangizo a Pitch Smart, amene MLB (ligi yaikulu ija) ndi bungwe la USA Baseball adatulutsa mu 2014, amati mwana azikhala miyezi inayi pa chaka osaponya. Komabe kholo limamulowetsa mwana m'matimu awiri kuti malamulowo asamugwire. Kochi amaona mwana akusisita phewa, n'kuyang'ana kumbali chifukwa akufuna chikho cha Loweruka. Chitani manyazi.

Inunso anyamata, lekani kubisa ululu poopa kuti malo anu atenga wina. Kumwa mapilitsi opha ululu kuti usewerebe ndi kutseka pakamwa mlonda amene akukuchenjeza. Phewa likamapweteka pokweza mkono, likamakudzutsa usiku, kapena mkono ukamamveka ngati wafa ukangoponya, siya mpira tsiku lomwelo, uuze kholo lako ndi kochi wako, mupite kwa dokotala. Usabwerere m'bwalo mpaka iye atakuloleza, ndipo ukabwerera uyambe ndi kuponya pafupi, pang'onopang'ono, ngakhale anzako akuseke.