Sikolashipu yalipira fizi, nanga teremu ya TP alipira ndani?

Abale anga amene mukulakalaka kudzaphunzira uphunzitsi kuno ku Lusaka, kalata ya sikolashipu muziiwerenga mpaka pansi musanaimbe nthungululu. Makalata ambiri amatchula fizi, malo ogona ndi kangachepe ka mabuku, basi. Teremu ya TP (Teaching Practice), pamene wophunzira amatuluka m'koleji kukagwira choko pasukulu yeniyeni, saitchula n'komwe. Chonsecho mphunzitsi amakhwimira pomwepo. Zimandiwawa kwambiri.

Taganizani: ukugona ku Kalingalinga kufupi ndi yunivesite ya UNZA, sukulu akupatsa ku Matero. Minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, masiku asanu pa sabata. Mapepala a manila, mamaka, fayilo, kupulinta masikimu ndi malesoni pulani, zonsezo za m'thumba mwako. Ndiye alawansi ikhale yolembedwa mu kwacha ya kwathu! Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, koma landilodi wa kuno amafuna lendi yake mu kwacha ya Zambia, yosachotsera ngwee. Musanasaine, afunseni olipirawo kuti ndalamayo ili mu kwacha iti, imabwera tsiku liti, ndipo ya TP ili pati. Ayankhe polemba. Fizinso muifufuze. Mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro, umene anausainira ku Blantyre mu 1997, umati wophunzira wa m'chigawo chino azilipira ngati mwana wa m'dzikomo. Funsani ngati koleji yanu imatsata zimenezo.

Chidindo chimene akudindirani pa boda ya Mwami polowa mu Zambia ndi cha mlendo wodzacheza. Wophunzira amafunika pemiti yophunzirira, ndipo kuti ituluke pamafunika kalata ya koleji ndi ya okulipirirani. Olipira akachedwetsa kalata yawo, masiku a chidindo chija akungotha, wovutika mtima ndi mwana wa eni.

Tsono chimene chimagwetsa ambiri ndi chilankhulo. Timanyamuka kwathu tikudzitama kuti Chinyanja ndi Chichewa chomwechi. Ima kutsogolo kwa ana a ku komboni ya Chawama uone. Iwe ukuti "madzi", iwo akuti "manzi". Ukuti "ndikufuna", iwo "nifuna". Ukawauza kuti alankhule, amangokuyang'ana mpaka unene kuti "kambani". Chinyanja cha m'tauni muno n'chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, pamene cha m'mabuku awo n'chofanana kwambiri ndi chathu koma kalembedwe n'kosiyana. Ukalemba "chakudya" pabolodi, mphunzitsi wokuyang'anira amafufuta h, chifukwa kuno amalemba "cakudya". "Ntchito" ndi "nchito". Lekichara wodzakuona akakupeza ukuphunzitsa ana kalembedwe ka ku Lilongwe, malikisi apita. Sabata imodzi yongokhala kumbuyo kwa kalasi n'kumamvetsera ikanathetsa zonsezi, koma olipira amaiona ngati sabata yotaya ndalama.

Makalasinso ndi odzadza. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, ana anachuluka m'sukulu za boma, ndipo mphindi 40 zimatha usanafike kwa okhala kumbuyo. Apa ndiye pamene munthu amaphunzira kugawa ana m'magulu, kulemba bolodi mwadongosolo, kuchonga makope mwachangu osanamiza mwana. Wodutsa m'menemu amabwerera kwawo ali mphunzitsi weniweni, wodziwa masilabasi a mayiko awiri, wosanjenjemera pamaso pa ana. Izi sindikutsutsa. Chondikwiyitsa n'chakuti amazipeza ndi njala, akuyenda wapansi dzuwa la Okutobala chifukwa ya minibasi yatha, pamene m'malipoti a olipira mukulembedwa kuti zonse zikuyenda bwino.

Pomaliza maphunziro mavuto sanathe. Kuti uphunzitse muno uyenera kulembetsa ku Teaching Council of Zambia, bungwe loyang'anira aphunzitsi, ndipo pemiti yophunzirira sikulola kulembedwa ntchito. Ukabwerera kwathu, pepala lako liyenera kuunikidwa kaye kuti lifanana ndi liti. Ndalama ya zonsezi sikolashipu siipereka, chifukwa imatha tsiku la mayeso omaliza. Choncho musanakwere basi yobwerera kwathu pa depoti ya Intercity, tengeranitu thiransikiripiti yodindidwa, mafomu onse amene lekichara anakuchongerani pa TP, ndi kalata ya ahedi yonena makalasi amene munaphunzitsa ndi masabata ake. Kuzitsatira muli ku Mchinji ndi ulendo wa makilomita oposa 500, ndipo ahedi aja mwina adzakhala atasamutsidwa.